Mmene mungayendetsere peji ya nkhani za anthu otchuka ku Lusaka osagwa monga inagwera Gawker

Mu Okutobala 2012 webusaiti ya Gawker, ya ku New York, inaika kanema wa mphindi imodzi ndi masekondi 41 woonetsa Hulk Hogan, katswiri wa masewera ogwetsana uja, akugona ndi mkazi wa mnzake. Kanemayo sanali wopeka. Koma mu Malichi 2016 khoti la ku St. Petersburg, ku Florida, linagamula kuti Gawker ndi akuluakulu ake alipire madola 140 miliyoni, ndipo pofika Ogasiti chaka chomwecho webusaitiyo inali itatsekedwa. Aliyense woyendetsa peji ya nkhani za oimba, osewera mpira, azibusa otchuka ndi ma socialite kuno ku Lusaka ayenera kuidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa ma admin ambiri amaganiza kuti mawu oti "koma n'zoona" ndi okwanira kuwapulumutsa. Milandu ya peji imabwera pa zifukwa zitatu zosiyana: mwanamizira munthu, mwaulula zachinsinsi zake, kapena mwatenga chithunzi kapena nyimbo ya mwiniwake. Kunena zoona kumakutetezani pa choyamba chokha.

Mmene Gawker inagwera

Nick Denton, mtolankhani wa ku Britain, anayambitsa Gawker mu 2002, ndipo mkonzi wake woyamba anali Elizabeth Spiers. Inayamba ndi miseche ya atolankhani ndi anthu otchuka a ku Manhattan, ndipo kampaniyo inalinso ndi masamba ena monga Gizmodo, Deadspin, Jezebel ndi Lifehacker. Mu 2007 limodzi mwa masambawa, Valleywag, linalemba kuti Peter Thiel, mmodzi mwa amene anayambitsa PayPal, amakonda amuna anzake. Thiel sanasume. Koma mlandu suwola. Mu Meyi 2016, chigamulo cha Hogan chitatuluka kale, zinadziwika kuti Thiel ndiye ankalipira maloya a Hogan mwakachetechete, ndalama pafupifupi madola 10 miliyoni.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti poyamba Gawker inkapambana. Mu 2012 woweruza wa khoti la federal anakana kuilamula kuti ichotse kanemayo, ndipo mu Januwale 2014 khoti la apilo la Florida linafafaniza lamulo la woweruza wina loti nkhaniyo ichotsedwe. Maloya a Gawker ankati Hogan yemweyo ankakamba za kuchipinda kwake pa wailesi, ndiye nkhaniyo inali kale pabwalo. Hogan, yemwe dzina lake lenileni linali Terry Bollea, anayankha kuti wodzitama pa wailesi uja anali munthu wa pa siteji, pomwe wojambulidwa mobisayo anali iye mwini ali m'chipinda. Anthu wamba 6 amene anapatsidwa udindo wogamula mlanduwo anamumvera. Anamupatsa madola 115 miliyoni a chipukuta misozi, n'kuwonjezera madola 25 miliyoni a chilango. Pa ndalama za chilangozo, madola 10 miliyoni anagwera Denton payekha, ndipo madola 100,000 anagwera A.J. Daulerio, mkonzi amene anaika kanemayo.

Gawker inkafuna kuchita apilo, koma kuti katundu wake asayambe kulandidwa apiloyo isanamvedwe, inafunika kuika chikole chofika madola 50 miliyoni. Mu Juni 2016 inalengeza kuti yagwa ndi ngongole. Kampani ya wailesi yakanema ya Univision inagula masamba a kampaniyo pa madola 135 miliyoni koma Gawker yeniyeniyo sinapitirizidwe, ndipo mu Novembala eni Gawker anagwirizana zolipira Hogan madola 31 miliyoni. Dzina la Gawker linagulidwa ndi Bryan Goldberg mu 2018, webusaiti inatsegulidwanso mu 2021, n'kutsekedwanso mu Febuluwale 2023.

Onani bwino chimene chinaipha. Apilo sinamvedwe n'komwe, ndalama zinayamba kutha. Peji ya ku Kabwata kapena ku Chilenje yokhala ndi anthu atatu ndi mafoni awiri ingathe kutheratu ndi ndalama za loya zokha, ngakhale mlandu usanafike kwa woweruza. Ndipo simungadziwe amene ali kumbuyo kwa munthu amene wakusumirani.

Lamulo lathu si la ku America

Ma peji ambiri kuno amatengera kalembedwe ka TMZ, webusaiti ya miseche ya anthu otchuka ya ku America, ndi anzake, osadziwa kuti anthu amenewo amayenda ndi lamulo lina. Kuyambira mu 1964, pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan, ku America mkulu wa boma wosumira nyuzipepala ayenera kuonetsa kuti wolembayo ankadziwa kuti akunama kapena sanasamale n'komwe, ndipo pambuyo pake lamuloli linafikanso kwa anthu otchuka. Kuno zili mosiyana. Wodandaula amangoonetsa zinthu zitatu: kuti mawuwo anafika kwa munthu wina, kuti akunena za iye, ndiponso kuti amamutsitsa pamaso pa anthu. Akatero, udindo woonetsa kuti zimene munalembazo n'zoona umagwera inu. Mu 1995, pa mlandu wa Michael Sata ndi nyuzipepala ya The Post, Chief Justice Matthew Ngulube anakana kutengera lamulo la Sullivan mmene lilili.

Malamulo oyenera kukhala nawo m'foni ndi awa: Defamation Act, Chapter 68, wa milandu yofuna chipukuta misozi, Penal Code, Chapter 87, amene pa gawo 191 amaikabe kuipitsa mbiri ya munthu polemba pa milandu ya kupolisi, Data Protection Act ya 2021, Copyright and Performance Rights Act, Chapter 406, ndi malamulo awiri a 2025, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene analowa m'malo mwa lamulo la 2021. Gawo 69 la Penal Code, lonena za kunyoza Pulezidenti, linachotsedwa mu Disembala 2022, ndipo ena anamva ngati milandu yonse ya kunyoza yatha. Gawo 191 lidakalipo.

Pali lamulo linanso limene ma admin sakonda kuliganizira. Witchcraft Act, Chapter 90, imaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Positi yonena kuti woimba wakuti anakhwimira chuma, kapena kuti ndiye analodza mnzake amene wamwalira, imakulowetsani m'lamulo limeneli, kuwonjezera pa mlandu woipitsa mbiri. Chimodzimodzi kulemba kuti munthu amagona ndi amuna kapena akazi anzake: Penal Code yathu imaika zimenezi pa milandu ya upandu, choncho mukumunenera mlandu komanso mukuika moyo wake pangozi. Nkhani zoterezi zisiyeni.

Nkhani ikalowa mu inbox

Ntchito yaikulu ili apa, ndipo apa ndi pamene ma peji ambiri amathamanga. Choyamba funsani wotumizayo mafunso atatu, ndipo lembani mayankho ake: anaona yekha kapena anamva, akufuna chiyani potumiza nkhaniyi, ndiponso angavomere kudzaima m'khoti zikavuta. Funso lachitatuli ndilo limasefa. Munthu amene akuti "musanditchule" angakuthandizeni kudziwa koyambira kufufuza, koma si mboni, ndipo tsiku la mlandu mudzaima nokha. Ngati wotumizayo ndi mkazi kapena mwamuna wakale wa munthuyo, manejala wochotsedwa ntchito, kapena woimba wopikisana naye, sizitanthauza kuti akunama, koma umboni wake uyenera kutsimikizidwa ndi wina amene alibe chakukhosi.

Pezani anthu osachepera awiri amene akudziwa nkhaniyo aliyense payekha. Anthu asanu a mu gulu limodzi la WhatsApp amene onse anawerenga meseji imodzi amawerengedwa ngati munthu mmodzi.

Screenshot musaikhulupirire. Aliyense angasunge nambala ya mnzake pa dzina la munthu wotchuka n'kudzilembera mameseji, ndipo pali mapulogalamu opangira macheza abodza. Uzani wotumizayo ajambule sikirini ya foni yake akutsegula machezawo, akuyendetsa mmwamba ndi mmunsi, kenako akutsegula pamene paoneka nambala. Nambalayo muiyerekeze ndi imene mukuidziwa kale. Chithunzi kapena kanema atumize ngati document, chifukwa WhatsApp ikatumiza mwa nthawi zonse imachepetsa fayilo n'kuchotsa zambiri zosonyeza tsiku ndi foni imene inajambula. Chithunzi chilichonse chidutse pa Google Lens kapena TinEye. Kawirikawiri mupeza kuti ndi chakale, kapena ndi cha ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Mawu ojambulidwa nawonso masiku ano amatha kupangidwa ndi kompyuta kuchokera pa mawu a munthu a pa wailesi, choncho voice note yokha si umboni wokwanira pa nkhani yolemera.

Zonsezi zisungeni mu foda imodzi ya nkhaniyo: mafayilo oyambirira, tsiku ndi ola limene analowa, mayina a amene munalankhula nawo, ndi zimene ananena. Sungani malo awiri, pa kompyuta ndi pa intaneti, kwa zaka zosachepera 6. Foni imatayika, imabedwa m'basi, kapena apolisi amaitenga.

Musagule nkhani. Mukayamba kulipira K200 kapena K500 pa nkhani iliyonse, anthu ayamba kukupekerani, ndipo m'khoti mboni yolipidwa imavuta kuikhulupirira. Palinso vuto la katundu wakuba. Mu 2010 Gizmodo inalipira madola 5,000 kugula iPhone yatsopano imene inali isanatulutsidwe, imene wantchito wa Apple anaiwala m'bala, ndipo apolisi a ku California anakasecha nyumba ya mkonzi wake n'kutenga makompyuta. Mafayilo ochokera m'foni yobedwa, kapena mu akaunti imene wina analowamo mobera, ali ndi vuto lomwelo.

Kufunsa mwini nkhani

Musanatulutse, mufunseni munthuyo. Imbani foni, kenako tumizani meseji yolembedwa kwa iye ndi kwa manejala wake, kuti pakhale umboni woti munafunsa. Musalembe zoti "tili ndi nkhani yanu, yankhani". Tchulani mfundo iliyonse payokha: kuti pa tsiku lakuti munalandira ndalama zakuti kuti mukaimbe ku Chipata, kuti simunapite, kuti ndalamazo simunabweze. Perekani nthawi yomveka, maola 24 pa nkhani wamba, maola 48 pa nkhani yokhudza upandu kapena banja. Ngati mukujambula mawu pa foni, muuzeni poyambirira penipeni.

Akayankha, yankho lake likhale kumtunda kwa positi, lonse, osati kumapeto kumene anthu safikako. Akakana kuyankha, lembani kuti anafunsidwa pa ola lakuti ndipo sanayankhe. Ambiri amaopa kuti akafunsa, munthuyo athamangira pa Facebook Live kukadziyeretsa nkhani isanatuluke. Zimachitikadi. Koma nthawi zambiri foni imeneyi ndi imene imakudziwitsani kuti ndalama zija zinabwezedwa sabata yatha, kapena kuti mkazi wa pa chithunzi uja ndi mlongo wake.

Kalembedwe kamene kamabweretsa milandu

Mawu oti "akuti", "mphekesera zikumveka" kapena "allegedly" sateteza munthu. Lamulo limaona wobwereza bodza ngati wolinena koyamba, monga mmene wogula foni yakuba pa msika amamangidwira ngakhale sanabe ndi iye. Kugawa positi ya peji ina, kapena kuika screenshot ya zimene wina walemba, ndi kufalitsa kwanu. Funso nalonso silithandiza: "Kodi uyu ndiye anaba ndalama za mpingo?" aliyense amamva chimene mukunena.

Kubisa dzina n'chimodzimodzi. Mukalemba za "woimba wina wa ku Matero amene wangogula galimoto yoyera", ndipo anthu mu ndemanga akumutchula, ndiye kuti mwamutchula ndinu. Choipa kwambiri n'chakuti pangakhale oimba awiri oyenerana ndi mawuwo, ndipo onse angakusumireni. Onaninso chithunzi chimene mwaika pamwamba pa nkhani. Chithunzi cha pa chilanga mulilo chokhala ndi anthu anayi, choikidwa pa mutu wonena za chigololo, chanenera anthu anayi onsewo.

Maganizo anu ndi ololedwa, koma akhale pa mfundo zoona zimene mwazitchula, pa nkhani yokhudza anthu, ndipo akhale ochokera pansi pa mtima osati pa chidani. Mungalembe kuti woimbayo anayenera kukwera siteji 21 hours, anafika 02 hours, anaimba nyimbo zitatu, ndipo uku n'kusalemekeza anthu amene analipira pakhomo. Zimenezi mungaziteteze. Mukawonjezera kuti anachedwa chifukwa anali atamwa mankhwala ozunguza bongo, mwachoka pa maganizo, mwalowa pa mfundo imene mudzafunika kuitsimikiza ndi umboni.

Pa nkhani za apolisi, mawu aliwonse ali ndi malo ake. Kuitanidwa kupolisi, kutengedwa warn and caution statement, kumangidwa, kuonekera m'khoti, ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu zisanu zosiyana. Munthu amene wangomangidwa si wakuba, ndi woganiziridwa. Ngati munalemba za kumangidwa kwake, mudzalembenso khoti likamumasula, pa malo oonekera chimodzimodzi.

Nkhani za matenda ndi zimene zimagwetsa ma peji msanga. Latasha Kebe, wodziwika kuti Tasha K pa YouTube, ananena m'makanema ake kuti woimba Cardi B ali ndi matenda opatsirana pogonana, ankachita uhule ndiponso amagwiritsa ntchito cocaine. Mu Januwale 2022 khoti la ku Atlanta linagamula kuti alipire madola pafupifupi 4 miliyoni, ndipo mu 2023 analengeza kuti wagwa ndi ngongole. Izi zinachitika pansi pa lamulo la ku America lija, lofewa kwa olemba. Kuno, kulemba kuti wakuti ali ndi HIV ndi mlandu mbali zonse ziwiri: likakhala bodza mwaipitsa mbiri yake, zikakhala zoona mwaulula za umoyo wake, zimene Data Protection Act imaziika m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Ndipo mwavulaza munthu ndi ana ake popanda chimene anthu apindula.

Imfa musathamangire. TMZ inayamba kulengeza imfa ya Michael Jackson mu Juni 2009 ndipo inatchuka nazo, koma mu Januwale 2020 mkulu wa apolisi a Los Angeles County anaidzudzula poyera chifukwa cholengeza imfa ya wosewera basketball Kobe Bryant mabanja a omwalira naye pa ngozi ya helikopita asanauzidwe ndi akuluakulu. Dikirani wolankhulira banja kapena apolisi. Mayi asamve pa peji yanu kuti mwana wake wamwalira.

Makanema a kuchipinda

Lamulo la peji likhale lachidule: satulutsidwa, satumizidwa kwa wina, sasungidwa. Kuphimba mbali zina kapena kudula kanemayo sikusintha kanthu, Gawker nayonso inadula wake kuchoka pa mphindi pafupifupi 30. Kuno gawo 177 la Penal Code limaletsa kukhala ndi zinthu zolaula ndi kuzifalitsa, ndipo apolisi amaligwiritsa ntchito mofutukuka. Mu 2009 Chansa Kabwela, mkonzi wa nkhani wa The Post, anazengedwa mlandu pa gawo limeneli chifukwa chotumiza kwa akuluakulu a boma zithunzi za mayi akubereka popanda thandizo pa nthawi ya sitiraka ya ogwira ntchito zachipatala. Zithunzizo sizinasindikizidwe n'komwe. Khoti linamumasula mu Novembala chaka chomwecho, koma anali atayenda kukhoti miyezi ingapo. Ngati zinatero ndi nkhani yofuna kupulumutsa miyoyo, peji yolemba kuti "inbox kuti mulandire kanema" ilibe poimira. Ngati wa m'kanemayo angakhale wosakwana zaka 18, musamutumize kwa aliyense, ngakhale kwa admin mnzanu. Kauzeni apolisi.

Ana a anthu otchuka si anthu otchuka. Musaonetse nkhope zawo pa nkhani za mikangano ya makolo, musatchule sukulu yawo, ndipo mwana wokhudzidwa ndi mlandu m'khoti Children's Code Act ya 2022 imateteza kuti asadziwike.

Zithunzi ndi nyimbo za eni ake

Kawirikawiri chithunzi ndi cha amene anajambula kapena amene anamulemba ntchito, osati cha aliyense amene wachipeza pa Instagram. Kulemba dzina la wojambula pansi ndi ulemu, koma si chilolezo. Mawu oti "no copyright intended" alibe ntchito, ndipo palibe lamulo lonena kuti masekondi 30 a nyimbo ndi aulere. Mu 2006 kampani ya zithunzi ya X17 inasumira Perez Hilton, mwini webusaiti ya miseche ya anthu otchuka, ikufuna madola oposa 7 miliyoni chifukwa chotenga zithunzi zake n'kumalembapo timawu. Kuno chilango chimafika msanga kudzera pa pulatifomu: YouTube imatseka tchanelo ikalandira ma strike atatu a copyright m'masiku 90, ndipo Facebook imatseka ma peji obwerezabwereza. Pemphani chilolezo pa meseji, sungani yankho, ndipo gwirizanani mtengo ndi ojambula awiri kapena atatu amene amapezeka m'madansi. Za nyimbo funsani woimbayo kapena ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo.

Nkhani za kukhoti

Kulemba molondola ndi mosakondera zimene zanenedwa m'khoti lotseguka n'kotetezedwa. Vuto limayamba mukayamba kugamula mlandu usanathe kapena kunena kuti woweruza wadya ziphuphu. Mu 2010 Fred M'membe, mkonzi wamkulu wa The Post, anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 4 chifukwa cha nkhani imene The Post inasindikiza mlandu wa Kabwela uli mkati. Mu Disembala 2018 Supreme Court inagamula Derrick Sinjela, mkonzi wa nyuzipepala ya Rainbow, miyezi 18 pa mlandu wonyoza khoti. Lembani zimene mboni yanena, tchulani kuti ndi mboni, lembaninso zimene mbali inayo yayankha, ndipo musaike voti yofunsa anthu ngati woimbidwa mlanduyo ndi wolakwa.

Ndemanga za owerenga ziyang'anireni. Mu 2021 khoti lalikulu la ku Australia linagamula kuti makampani a nkhani amawerengedwa kuti ndi ofalitsa ndemanga zimene anthu alemba pa ma peji awo a Facebook. Makhoti athu sakakamizidwa kutsatira chigamulochi, koma loya angathe kuchitchula. Ikani mawu oopsa mu sefa ya peji kuti ndemanga zokhala nawo zizibisika zokha, pakhale munthu woyang'anira maola oyambirira positi ikatuluka, ndipo pa nkhani zolemera chepetsani kapena tsekani ndemanga.

Kalata ya loya ikafika

Musaiike pa peji kuti anthu aseke. Kubwereza nkhaniyo mutachenjezedwa kumatengedwa ngati umboni wa chidani, ndipo kumakweza ndalama zimene khoti lingagamule. Tasha K anachenjezedwa koma makanemawo sanawachotse. Chitani izi tsiku lomwelo: jambulani positiyo mmene ilili, ndemanga ndi chiwerengero cha amene anaiona, tsegulani foda ya umboni ija, ndipo ibiseni positiyo pamene mukufufuza. Kubisa si kuvomera kulakwa. Koma musafufute mameseji kapena mafayilo, chifukwa zikadzadziwika woweruza adzaganiza kuti munabisa zoipa. Uzani ma admin onse asayankhe kalikonse, ngakhale pa akaunti zawo.

Pitani kwa loya pasanathe masiku awiri kapena atatu. Law Association of Zambia ingakuthandizeni kutsimikiza kuti loyayo ali ndi chilolezo, MISA Zambia imathandiza pa nkhani za ufulu wa atolankhani, ndipo Legal Aid Board ilipo kwa osowa ndalama. Mukapeza kuti munalakwa, konzani msanga: nenani chimene chinali cholakwika, pepesani momveka popanda "ngati wina wakhumudwa", ndipo chipepesocho chikhale pamwamba pa peji masiku angapo. Defamation Act imalola kuti chipepeso chichepetse chipukuta misozi, ndipo ili ndi njira yokonzera zinthu kwa amene anaipitsa mbiri ya munthu mosadziwa. Mawu a chipepeso loya awaone kaye, ndipo ngati n'kotheka mbali inayo isaine kuti nkhani yathera pomwepo.

Samani zikafika, werengani masiku amene alembedwapo ndipo musawaphonye. Wosayankha amagamulidwa iye kulibe, kenako ma bailiff amabwera kudzatenga kamera, kompyuta ndi katundu wa m'nyumba. Apolisi akakuitanani pitani ndi loya, nyamulani NRC, ndipo konzekerani anthu okuimirirani. Police bond ndi yaulere.

Kumbukirani kuti zimene mumalemberana m'gulu la ma admin zingadzawerengedwe m'khoti. Pa mlandu wa Hogan, macheza a ogwira ntchito ku Gawker akuseka kanemayo anaonetsedwa kwa ogamula. Daulerio atafunsidwa pa lumbiro kuti ndi kanema wotani amene sangamuike, anayankha mwanthabwala potchula msinkhu wa mwana wamng'ono kwambiri. Pambuyo pake ananena kuti ankangonyogodola, koma ogamulawo anali ataona kale kanema wa yankho lakelo.

Kampani ndi ndalama

Lembetsani kampani ya limited ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, osati business name chabe, chifukwa business name sikusiyanitsa katundu wanu ndi wa bizinesi. Tengani TPIN ku ZRA ndipo misonkho izilipidwa. The Post, imene inapirira milandu yambiri ya kunyoza, inatsekedwa ndi ZRA mu Juni 2016 pa nkhani ya misonkho. Dziwani kuti kampani siteteza wolemba ndi mkonzi, onse angasumiridwe pa mayina awo, monga zinachitikira Denton ndi Daulerio. Choncho pakhale munthu mmodzi yekha wovomereza nkhani zolemera, ena akhale ndi mphamvu zochepa pa peji, ndipo wosiya ntchito achotsedwe tsiku lomwelo.

Pa ndalama iliyonse ya malonda, ikani padera K10 pa K100 iliyonse mu akaunti imene simuikhudza, ikhale ya loya. Ngati mwapeza inshulansi, werengani milandu imene imalipira ndi imene siilipira. Maloya a Hogan anachotsa dandaulo limodzi limene likanachititsa kuti kampani ya inshulansi ya Gawker ilowererepo. Positi yolipidwa ndi woimba kapena kampani ilembedwe kuti ndi yamalonda. Ndipo musalandire kapena kupempha ndalama kuti muchotse nkhani kapena kuti musaitulutse. Meseji imodzi yonena kuti "tumizani K3,000 tiichotse" ndi umboni wokwanira wa mlandu wofuna ndalama moopseza, ndipo mobile money imasunga dzina, nambala ndi ola. Wina akayamba yekha kukulonjezani ndalama, mukaneni pa meseji yolembedwa, sungani screenshot mu foda ya nkhaniyo, ndipo dziwitsani loya wanu.